Mankhwala a Pakhomo Oteteza Ndiwo za M'dimba ku Matenda a Fangasi

Mkaka, soda wophikira, adyo ndi mafuta a nimu ndi zina mwa zinthu zimene alimi a m'madimba amasakaniza ndi madzi ndi kupopera pa mbeu zao pofuna kupewa matenda a masamba. Zina mwa njirazi zinayesedwa ndi asayansi ndipo zinapezeka kuti zimathandizadi.

Koma thandizo lake lili ndi malire. Mankhwala a pakhomo amachinjiriza tsamba limene likali bwino, saciritsa tsamba limene laola kale, ndipo amagwira nchito pa matenda ena cabe.

Kwa banja limene limadalira matimati, repu kapena nkhwani kuti lipeze ndiwo ndi ndalama za sukulu, kudziwa malirewa ndi nkhani yaikulu. Mlimi amene adalira mkaka pa matimati ogwidwa ndi ciwau ca m'dzinja angataye munda wonse pasanathe masabata awiri.

Mmene matendawa amayambira

Fangasi ndi tizamoyo ta mtundu umodzi ndi bowa, ndiponso ndi nkhungu imene imamera pa nsima yogona. Timaberekana ndi timbeu tating'ono tosaoneka ndi maso. Timbeuti timauluka ndi mphepo, timadumpha ndi madontho a mvula kucokera pa nthaka, ndipo timayenda pa manja, pa zobvala ndi pa makasu.

Kuti matenda abuke pafunika zinthu zitatu pa nthawi imodzi: mbeu imene matendawo amaikonda, timbeu ta fangasi, ndi nyengo yoyenera. Cimodzi cikasowa, matenda safalikira.

Kambeu kakatera pa tsamba kamayamba kumera, ndipo mitundu yambiri ya fangasi imalowa m'kati mwa tsambalo ndi kumadyera momwemo. Ikalowa, mkaka kapena soda sangaifikire, cifukwa zinthuzi zimangokhala pamwamba. N'cifukwa cake nthawi yopopera ndi pamene matenda asanaoneke, kapena pamene mawanga oyamba angooneka kumene pa masamba owerengeka.

Kuzindikira matenda

Matenda a ufa woyera ndiwo osabvuta kuwazindikira. Tsamba limaoneka ngati lawazidwa ufa kapena phulusa, kenaka limasanduka lacikasu ndi kuuma. Amagwira kwambiri maungu, nkhaka, therere ndi nsawawa. Pa mabotolo a m'sitolo amalembedwa kuti powdery mildew.

Matendawa safuna mvula. Amakonda masiku ofunda ndi ouma, usiku wa cinyezi ndi malo a mthunzi, motero mu Zambia amapezeka kwambiri m'nyengo ya madimba, kuyambira mu Meyi kufikira mu Okutobala. Fangasi wake amakhala makamaka pamwamba pa tsamba, ndipo ici ndico cifukwa mankhwala a pakhomo amawagonjetsa bwino kuposa matenda ena onse.

Ciwau ca mawanga ozungulira cimayambira pa masamba akale a m'munsi mwa matimati ndi mbatatesi. Mawanga ake ndi oderako, okhala ndi mizere yozungulira m'kati mwake. Cimakwera pang'onopang'ono kucokera pansi.

Ciwau ca m'dzinja ndico coopsa kwambiri. Masamba amaoneka ngati athiridwa madzi otentha, tsinde limada, zipatso zimacita zigamba zolimba zoderako, ndipo m'mawa kunsi kwa tsamba kumaoneka nkhungu yoyera. Cimakonda nyengo yozizirira, ya mvula yamvumbi ndi mitambo. Kacilombo kake asayansi amakachula Phytophthora infestans, ndipo anapeza kuti si fangasi weniweni koma ka gulu lina lofanana naye. Matenda omwewa ndiwo anaononga mbatatesi ku Ireland kuyambira mu 1845, ndipo njala imene inatsatira inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi.

Palinso nkhungu ya kunsi kwa tsamba imene imagwira kabici, repu, anyezi ndi nkhaka pa nthawi ya cinyontho. Pamwamba pa tsamba pamaoneka zigamba zacikasu, pamene kunsi kwake kuli nkhungu yotuwa. Nyemba nazo zimagwidwa ndi dzimbiri, timatuza tofiirira timene timasiya fumbi pa cala.

Mabvuto ena amafanana ndi matenda a fangasi koma gwero lake ndi lina. Mbozi ya Tuta absoluta, imene inapezeka mu Zambia mu 2016, imadya m'kati mwa tsamba la matimati ndi kusiya zigamba zouma zonga ciwau. Tsambalo akaliyang'ana pa dzuwa, mboziyo kapena ndowe zake zakuda zimaoneka. Akangaude ofiira nao amayeretsa masamba m'cilimwe ndi kusiya ukonde kunsi kwake.

Mbeu ikamafota yonse nthaka ili yonyowa, bvuto limakhala m'mizu kapena m'kati mwa tsinde. Mlimi angadule tsinde ndi kuliviika m'tambula ya madzi oyera. Mukatuluka timizere toyera ngati mkaka, ndiye kuti ndi matenda a mabakiteriya. Kufota kotere palibe mankhwala opopera pa masamba amene angakuthetse, kaya a pakhomo kapena a m'sitolo. Mbeu yotero imazulidwa ndi kutayidwa kutali ndi dimba.

Mkaka

Mu 1999 Wagner Bettiol, wasayansi wa bungwe lofufuza za ulimi la Embrapa ku Brazil, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wake pa mtundu wina wa maungu olimidwa m'nyumba zotetezera mbeu. Anapeza kuti mkaka wa ng'ombe wosakaniza ndi madzi, wopoperedwa kawiri pa sabata, unacepetsa matenda a ufa woyera mofanana ndi mankhwala a m'sitolo amene anayerekezera nao.

Pambuyo pake Peter Crisp wa pa University of Adelaide ku Australia anayesa mkaka pa mphesa ndipo anapezanso kuti umathandiza. Kafukufuku wakeyo anaonetsa kuti zinthu zina za mu mkaka zimaononga fangasi kwambiri zikaombedwa ndi dzuwa.

Muyeso wofala ndi kapu imodzi ya mkaka pa makapu 9 a madzi. Pampu ya kumsana ya malita 16 imafuna mkaka wopitirira pang'ono lita imodzi ndi theka. Kwa mlimi woweta ng'ombe mtengo wake ndi wocepa, koma kwa wogula mkaka m'sitolo ndi bwino kuwerengera coyamba.

Mkaka umapoperedwa m'mawa pa tsiku la dzuwa, kamodzi kapena kawiri pa sabata. Ukaculuka kwambiri umasiya fungo ndipo pa masamba pamamera nkhungu yakuda. Pampu iyenera kutsukidwa tsiku lomwelo, cifukwa mkaka wosasa umatseka kamwa kake.

Soda wophikira

Soda yemweyo amene amaikidwa m'therere amagwiranso nchito m'dimba. Mu 1992 R. Kenneth Horst ndi anzake a pa Cornell University ku America anaonetsa kuti soda wosakaniza ndi mafuta pang'ono amacepetsa matenda a ufa woyera ndi a mawanga akuda pa maluwa a rozi.

Timbeu ta fangasi timamera bwino pa malo owawasa pang'ono. Soda amacotsa kuwawasako pamwamba pa tsamba, motero timbeu tambiri timalephera kumera. Mafuta ndi sopo zimathandiza kuti mankhwalawo amamatire ndi kufalikira pa tsamba lonse.

Pa lita imodzi ya madzi pamaikidwa supuni yaing'ono imodzi ya soda, yodzaza koma yosaunjika, imene ili pafupifupi magalamu 5. Pamaonjezedwa theka la supuni yaing'ono ya mafuta ophikira ndi madontho owerengeka a sopo wamadzi. Pa pampu ya malita 16 soda wake ndi magalamu 80. Pampuyo iyenera kugwedezedwa kawirikawiri cifukwa mafuta amayandama.

Ambiri amalakwitsa poganiza kuti kuonjezera soda ndiko kuonjezera mphamvu. Muyeso ukawirikizidwa, masamba anthete amapsa m'mbali. Komanso soda ali ndi mcere wa sodiyamu umene umaunjikana m'nthaka ngati apoperedwa mopitirira kwa nthawi yaitali. M'masitolo ena a za ulimi mumapezeka potassium bicarbonate, amene amagwira nchito bwino kuposa soda wamba ndipo sasiya sodiyamu.

Soda wophikira ndi wosiyana ndi baking powder wa makeke, amene ali ndi zinthu zina zosakanizidwamo. Ndi wosiyananso kwambiri ndi caustic soda wopangira sopo, amene amatentha khungu ndi kupha mbeu.

Adyo

Adyo akasinjidwa amatulutsa mankhwala ochedwa allicin, amene wasayansi Chester Cavallito ndi mnzake anawazindikira ku America mu 1944. Ndiwo amapatsa adyo fungo lake, ndipo m'nyumba zoyesera zinthu amaletsa mitundu yambiri ya fangasi ndi mabakiteriya kukula.

M'munda zotsatira zake sizifanana nthawi zonse, cifukwa allicin amatha mphamvu msanga pa dzuwa ndi pa kutentha. Njira yofala ndiyo kusinja magalamu 100 a adyo, kuwaviika usiku umodzi mu lita imodzi ya madzi ozizira, kusefa ndi nsalu, ndi kuonjezera madzi kufikira malita 10 pamodzi ndi sopo pang'ono. Adyo sawiritsidwa, cifukwa moto umaononga mankhwala ake, ndipo madziwo sasungidwa masiku ambiri.

Nimu

Mtengo wa nimu unacokera ku India ndi maiko oyandikana nalo, ndipo umakula bwino m'madera otentha. Nchito yake yaikulu ndiyo kulimbana ndi tizilombo monga nsabwe za m'masamba ndi mbozi zazing'ono. Pa matenda a fangasi, cimene cimathandiza kwambiri ndi mafuta a njere zake, amene amakuta timbeu ta ufa woyera ndi ta dzimbiri.

Muyeso wake ndi supuni yaing'ono imodzi ya mafuta pa lita imodzi ya madzi ofunda pang'ono, pamodzi ndi sopo kuti zisakanikirane. Madzi oviikamo masamba a nimu ali ndi mphamvu yocepa poyerekeza ndi mafuta. Mankhwala alionse a mafuta amapoperedwa madzulo, pamene dzuwa lapepa ndipo njuci zabwerera kwao.

Kopa ndi laimu

Pa ciwau ca m'dzinja ndi nkhungu ya kunsi kwa tsamba, mkaka, soda ndi adyo sizokwanira. Mankhwala osakaniza pakhomo amene amatetezadi ku matendawa ndi a kopa ndi laimu, odziwika ndi dzina lakuti Bordeaux.

Mbiri yake inayambira ku France. Alimi a mphesa a ku dera la Médoc anali kuwaza kopa ndi laimu pa mipesa ya m'mbali mwa mseu kuti anthu odutsa aope kuthyola zipatso. Mu 1882 Pierre-Marie-Alexis Millardet, mphunzitsi wa za zomera pa yunivesite ya Bordeaux, anaona kuti mipesa yowazidwayo inali ndi masamba, pamene ina inali itayoyoka ndi matenda. Atayesa kwa zaka zingapo, anafalitsa njirayi mu 1885.

Popanga malita 10 pafunika magalamu 100 a copper sulphate, amene amagulitsidwa ngati timiyala ta buluu, ndi magalamu 100 a laimu wa omanga nyumba, uja wopakira zipupa. Laimu wothira m'munda sagwira nchitoyi. Ciliconse cimasungunulidwa pacokha m'malita 5 a madzi, m'ndowa ya pulasitiki osati ya citsulo. Kenaka madzi a kopa amathiridwa pang'onopang'ono m'madzi a laimu, uku akutakasa, ndipo zonse zimasefedwa.

Poyesa ngati zasakanizidwa bwino, msomali watsopano umaviikidwamo kwa mphindi zingapo. Ukatuluka wofiirira ndiye kuti laimu wacepa, ndipo mankhwalawo angatenthe masamba. Amagwiritsidwa nchito tsiku lomwe apangidwa.

Ngakhale kopa ndi laimu zimacokera m'nthaka, Bordeaux ndi poizoni. Amapha nsomba, amadwalitsa nkhosa, amapweteka maso, ndipo kopa saola koma amaunjikana m'nthaka caka ndi caka. Pa cifukwa cimeneci maiko a European Union, kuyambira mu 2019, salola kupitirira makilogalamu 28 a kopa pa hekitala imodzi m'zaka 7. Wopopera ayenera kubvala magolovesi ndi kuphimba maso, mphuno ndi pakamwa, ndipo zotsala zisatayidwe pafupi ndi citsime kapena mtsinje.

Bordeaux nayenso amateteza cabe. Amapoperedwa mvula yamvumbi isanayambe, ndipo amabwerezedwa mvula yamphamvu ikawatsuka. Mlimi amene sangapeze sikelo yoyezera magalamu angacite bwino kugula mankhwala a kopa opangidwa kale ndi kutsatira malangizo a pa paketi.

Sulufule wa ufa wosungunula m'madzi ndi mankhwala ena akale ocokera m'nthaka, othandiza pa ufa woyera ndi pa akangaude ofiira. Amatentha masamba kukatentha kupitirira madigiri 30, monga zimakhalira mu Okutobala, ndipo sayenera kupoperedwa pasanapite masabata awiri kucokera pamene mbeu zinapoperedwa mafuta.

Zinthu zosayenera kupopera

Si zonse za pakhomo zimene zili zabwino pa mbeu kapena pa munthu. Madzi a fodya ali ndi nikotini, poizoni amene amalowa ndi pa khungu pomwe, ndipo fodya angapatsire matimati ndi tsabola matenda a mavairasi opiringiza ndi kuthimbiriritsa masamba.

Madzi oviikamo ndowe za ng'ombe kapena zitosi za nkhuku angakhale ndi tizilombo totsegula m'mimba monga E. coli ndi Salmonella. Sayenera kufika pa masamba ndi zipatso zodyedwa, makamaka zodyedwa zosaphika.

Mcere, viniga ndi sopo waufa wocapira zobvala zimatentha masamba. Madzi a phulusa, aja a cidulo, mphamvu yake imasiyana malinga ndi cimene caochedwa, motero n'kobvuta kudziwa muyeso wosapsereza mbeu. Ububa, umene ena amauchula ombwe, ndi wa tizilombo osati wa fangasi, ndipo umapha nsomba ukalowa m'madzi.

Kapoperedwe koyenera

Mankhwala atsopano alionse amayesedwa coyamba pa mbeu ziwiri kapena zitatu. Pakapita masiku awiri masamba osapsa, ndiye kuti dimba lonse lingapoperedwe.

Masamba odwala kwambiri amacotsedwa coyamba ndi kukwiriridwa kapena kuochedwa kutali. Kupopera pa tsamba lakufa ndi kutaya mankhwala.

Tsamba liyenera kunyowa mbali zonse ziwiri, cifukwa matenda ambiri amayambira kunsi. Koma lisacite kudontha madzi.

Masana dzuwa lili pamutu si nthawi yopopera, ndipo mbeu yofota ndi ludzu imathiriridwa coyamba. Mbande za ku nazale zimapsa msanga, motero zimafuna muyeso wocepa.

Kupopera kumabwerezedwa pakapita masiku 7 kufikira 10, ndiponso mvula ikagwa. Masamba atsopano amene aphuka pambuyo pa kupopera amakhala osatetezedwa.

Pampu imene inagwiritsidwapo nchito pa mankhwala opha udzu isalowe m'dimba la ndiwo. Zotsalira zocepa cabe zingapiringize matimati onse.

Ndiwo zonse zopoperedwa zitsukidwe ndi madzi oyera zisanaphikidwe kapena kupita ku msika. Pa mankhwala a kopa ndi sulufule ogula, masiku odikira asanakolole amalembedwa pa paketi ndipo ayenera kutsatidwa.

Kasamalidwe ka dimba

Mankhwala a pakhomo amathandiza kwambiri pamene dimba lenilenilo silipatsa fangasi mpata. Mbeu zobzalidwa motalikirana zimapitidwa mphepo ndipo masamba amauma msanga. Matimati omangiriridwa ku mitengo, ocotsedwa masamba okhudza pansi, sagwidwa msanga ndi ciwau ca mawanga ozungulira.

Madzi amathiridwa pa tsinde, m'mawa, osati pa masamba madzulo. Tsamba logona lonyowa usiku wonse ndilo limalowedwa ndi matenda. Udzu wouma woyalidwa pansi umaletsa madontho kudumphitsa dothi ndi timbeu ta matenda kufika pa masamba. M'dimba lonyowa ndi mame kapena mvula si bwino kutengulira kapena kuthyola, cifukwa manja amanyamula matenda kucokera pa mbeu ina kupita pa ina.

Matimati, mbatatesi, impwa ndi tsabola ndi za banja limodzi ndipo zimagawana matenda ambiri. Malo amene panali imodzi mwa izo apumule zaka zitatu, pakubzalapo cimanga, anyezi kapena kabici. Feteleza wa nayitirojeni akaculuka, masamba amakhala anthete ndipo ufa woyera umawakonda. Pogula mbeu ndi bwino kuwerenga pa paketi, cifukwa mitundu ina inapangidwa kuti izipirira matenda ena.

Kumene kungapezeke thandizo

Mawanga akamafalikira ngakhale mlimi wapopera kawiri, kapena matimati akayamba kuda tsinde pa nthawi ya mvula, nthawi ya mankhwala a pakhomo yatha. Mbeu zodwala kwambiri zizulidwe tsiku lomwelo, ndipo nkhaniyo ifike kwa mlangizi wa za ulimi wa m'deralo, amene angachule mankhwala obvomerezeka ndi muyeso wake. Mu Zambia mankhwala a ulimi amalembetsedwa ndi bungwe loona za cilengedwe la ZEMA.

Bungwe lofufuza za ulimi la ZARI, limene likulu lake lili ku Mount Makulu ku Chilanga ndipo lili ndi malo ena monga Msekera ku Chipata, lili ndi akatswiri a matenda a zomera. Sukulu ya ulimi ya Kasisi, kufupi ndi Lusaka, imaphunzitsa alimi ang'onoang'ono kulima popanda mankhwala a m'mafakitale.

Popita kwa mlangizi, mlimi anyamule mbeu yathunthu pamodzi ndi mizu yake, imene yangoyamba kudwala osati youma kale, yokulungidwa m'pepala osati m'pulasitiki. Afotokozenso tsiku limene anaona mawanga oyamba, mbeu imene inali pa malowo caka catha, ndi zonse zimene wapopera kale pamodzi ndi miyeso yake.